Makava a Mipando ya Dona

1

Dzina langa ndine Yosefina, kwathu amati anaSakala, ndipo chaka cha 1947 ndinalandira mkazi mnzanga wa miyendo inayi.

Anafika masana, akulira hutala kuyambira pamsika wa Foti Jemusoni mpaka pakhomo pathu, kuti pasadzapezeke ngakhale wogontha wonena kuti sanamve. Inali galimoto yakuda, yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Mwini wake woyamba anali mzungu wa fodya amene amuna anga, a Alfonsi Daka, anamugwirira ukapitao zaka zambiri. Mzunguyo atatopa nafe anasamukira ku Halale, ndipo a Daka, amene anali atayamba kutchuka ndi malonda a mtedza, anatsala ndi galimoto ija pamodzi ndi kayendedwe ka mwini wake.

"Make Rozi, tulukani mudzaone!"

"Ndaona, bambo a Rozi. Adya chiyani mlendoyu?"

"Musaigwire! M'manja mwanumo muli thendo."

Ndinaitcha Dona. Inkafanana ndi mkazi wa mzungu uja pa zonse: sinkagwira ntchito, inkasamba tsiku ndi tsiku, inkadana ndi dzuwa, ndipo m'mawa kukazizira sinkadzuka mpaka amuna aikankhe. Anaimangira nyumba yamalata. Khitchini yanga inapitiriza kudontha, poti ine sindichita dzimbiri.

Ndinkaseka, koma pansi pa mtima ndinali ndi mantha a mkazi aliyense wa msinkhu wanga amene anabala mwana mmodzi, wamkazinso: kuti tsiku lina ndidzapezeka ndilibe malo m'nyumba yanga yomwe. Amayi anga, amene ndikanathawirako, tinali titawaika kale m'manda a pamishoni. Ndiye ndinkadzitonthoza kuti ngati mkazi mnzanga ayenera kukhalapo, bola wachitsulo.

2

Mipando ya Dona inali yachikopa chofiira, chofewa ngati tsaya la khanda. A Daka ankachisisita ndi msana wa dzanja.

"Chikopa ichi chinachokera ku Ulaya," anatero. "Ng'ombe zake sizinalumidweko ndi nkhupakupa. Matako a kuno sangachikhalire chonchi. Pafunika makava."

"Makava n'chiyani?"

"Malaya a mipando."

Ndinayang'ana diresi langa lopitira kutchalitchi, limene linali litaona nkhondo yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo ndinavomereza kuti mipando siyenera kuyenda maliseche.

Tinapita kusitolo ya Mmwenye. Pakhonde pake pankakhala telala, Che Zuberi, Mchawa wa ku Nyasalandi amene ankasoka zovala za theka la tauni ndipo ankadziwa nkhani za tauni yonse. Anatiyalira nsalu imodzi imodzi.

"Kaki, bwana. Sang'ambika."

"Ndine mesenjala wa ku Boma ine?"

"Biriwita?"

"Anthu aziti ndanyamula maliro."

"Melikano woyera?"

"Ndi fumbi lofiira lathuli?" ndinalowererapo. "Ochapa ndinu?"

Maso a a Daka anagwera pa veleveti wobiriwira. Anamugwira ngati agwira mkanjo wa bishopu.

"Bwana," anatero Che Zuberi, "veleveti ndi wokongola, koma mwezi wa Okutobala mudzapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Amakolanso chisoso. Mayi mmodzi wochokera kumunda akangokhalapo, mwabzala dimba."

Pomaliza ndinasankha ndine: nsalu yokhuthala yamizeremizere, yabuluu ndi yotuwa, yosaonetsa fumbi, yochapika. A Daka anagwedeza mutu ngati maganizowo anali awo kuyambira kunyumba. Che Zuberi anapita kukayeza mipando ali chivulire nsapato, monga anawalamulira.

"Muwonjezere nsalu ina," anatero a Daka telala atabwerera pamakina. "Ndikufuna katani pakati, yogawa kutsogolo ndi kumbuyo."

Phazi la Che Zuberi linaima pachopondera.

"Katani, bwana?"

"Galimoto za akuluakulu a Boma zili choncho. Woyendetsa kwake, bwana kwake."

"Koma woyendetsa ndinu nomwe, bambo a Rozi," ndinatero. "Ndiye bwana wa kumbuyoko ndani?"

"Inu simudziwa za ulemu."

Che Zuberi anandiyang'ana, kenako anayang'ana singano yawo.

"Ulemu ndiye ulipodi, mayi," anatero. "Wambiri."

Sindinamve kanthu m'mawu amenewo. Ndinkadziwa kuti amuna anga akhoza kugula ngakhale belu loitanira wantchito amene alibe. Katani itabwera, ndinaona kuti mpendero wake ndi wothamangira, ndiye ndinaumasula n'kuupinda ndekha ndi manja, bwinobwino, n'kusokerera timphete take. Musaiwale zimenezi, owerenga. Ndinapinda ndine.

3

Makava anatuluka okongola kwambiri moti a Daka anaona kuti nawonso afunika chitetezo. Anabweretsa saka. Chikopa chinkatetezedwa ndi makava, makava ankatetezedwa ndi saka, ndipo pamwamba pa zonsezo pankakhala ine, mdani amene zonsezi anazikonzera.

Panali malamulo. Wokwera azipukuta mapazi pa udzu. Wa fodya azilavula kaye. Chitseko azitseka ngati akugoneka mwana. Kenako azisolola saka pansi pa mpando n'kuliyala yekha. Malo anga anali kumbuyo. Mpando wakutsogolo unali wa chipewa chawo.

Kutchalitchi a Daka anali munthu wamkulu. Ankakhala benchi yoyamba, ankayamba nyimbo mphunzitsi asanayambe, ndipo ndiwo ankanong'oneza Bambo Mfumu mayina a amuna amene atenga mitala. Ambiri anatsekeredwa masakramenti chifukwa cha khama lawo. Ankabwera kunyumba akupukusa mutu.

"Amuna a masiku ano, make Rozi, alibe mantha ndi Mulungu."

Loweruka lililonse Dona ankapita ku Chiparamba kukagula mtedza. Ankapita nthawi yokolola, ankapitanso mu Januwale mtedza uli maluwa. Ine sindinkatengedwa, chifukwa msewu wa kumeneko akuti si wa akazi. Galimoto ikabwerako, nthawi zina ndinkapeza katani ili yotseka, ndi kafungo ka fodya kumbuyo.

"Mtedza wa ku Chiparamba wayamba kufwenkha fodya?"

"Ndimanyamula mafumu. Inu mukuganiza kuti malonda amayenda bwanji?"

Ndinafufuza zimene mkazi aliyense amafufuza: tsitsi, mkanda woduka, fungo la mafuta odzola pampando wakutsogolo. Kunalibe. Kunali fodya wa nkhalamba basi. Ndinagona mtima uli pansi. Ndani amachitira nsanje nkhalamba?

4

Chaka chotsatira, dzinja litangotha, azakhali anga anamwalira kumudzi wina kupitirira Chiparamba. A Daka anayamba ndi kunena kuti Dona sakupeza bwino. Ndinawakumbutsa kuti pamaliropo padzakhala anthu a midzi yonse yozungulira, ena oti sanaonepo galimoto ya munthu wakuda. Dona anachira pomwepo.

Pobwerera, pachitunda china, anamva ludzu n'kuyamba kutulutsa nthunzi. A Daka anatenga chitini n'kutsikira kumtsinje okha. Madzi a Dona sankatungidwa ndi munthu wamba, ankasefedwa pa mpango wawo wa m'thumba, ndipo ntchitoyo inkatenga nthawi.

Ndili chikhalire pasaka langa, ndinamva kuwomba m'manja. Nditasuzumira ndinaona mayi wokalamba atagwada m'mbali mwa msewu, msana atalozetsa kugalimoto, nkhope ili kuthengo.

"Tikuoneni, apongozi. Mwayenda bwanji?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Munalibe munthu mumsewu.

"Mukulonjera ndani, mayi?"

Anacheuka ndi diso limodzi. "Palibe eni ake?"

"Apita kukatunga madzi."

"Eya, imawira pomwe pano imeneyi."

Ndinawauza alowe athawe dzuwa. Anapukuta mapazi pa udzu. Analavula fodya. Anatseka chitseko ngati akugoneka mwana. Anapisa dzanja pansi pa mpando n'kusolola saka lachiwiri, limene ine sindinkadziwa kuti lilipo. Kenako, ndi dzanja limodzi, osayang'ana n'komwe, anakoka katani yanga ija, tswee, mpaka kumapeto.

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti mwamuna saonana nkhope ndi mayi wa mkazi wake. Akakumana panjira, wina amapatukira kuthengo, amalonjerana chofulatirana. A Daka anachita zimenezo ndi amayi anga mpaka tsiku la imfa yawo. Chimene sindinaganizepo n'chakuti mwambo umenewu ungafune timphete.

"Ine ndine anaMiti," anatero mayi aja. "Inu ndinu mlongo wawo uja wamasiye, amene amamusunga ku Boma?"

Ndinasalaza saka langa ndi dzanja.

"Ndine."

"Ndakuzindikirani. Anati ndinu wovutirapo, koma nkhope yanu ndi ya munthu wabwino. Mlongo wanuyu Mulungu anamulanda mkazi msanga, wosauka."

"Kodi paja mlamu wanga uja anamwalira ndi chiyani? Mutu wanga umaiwala."

"Chifuwa."

"Eya, chifuwa. Anavutika mayi ameneyo."

"Koma tsopano wapukutidwa misozi. Dolika wanga wamuberekera mwana wamwamuna, mphuno yake yomweyo. Ndipo ulemu wake munthuyu! Mwendo wangawu utatupa, anati azinditengera kuchipatala ku Tamanda. Ndinati ndingakwere bwanji bokosi limodzi ndi mkamwini? Basi anakasoketsa nsalu iyi dala chifukwa cha ine. Taonani kapindidwe kake."

"Ndakaona."

"Wosoka ali ndi manja abwino."

"Amatero anthu."

Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kung'amba makava onse ndi mano. Koma ndinakumbukira kuti Lamulungu lotsatira Bambo Mfumu adzadalitsa Dona pamaso pa mpingo wonse, mwambo umene a Daka anaupempha okha, ndiponso kuti Loweruka limenelo sadzapita ku Chiparamba chifukwa adzakhala akupukuta nyali tsiku lonse.

"Mayi," ndinatero, "mwachita bwino kubwera. Achimwene anandituma ndikuuzeni kuti Lamulungu likudzali ansembe adzadalitsa galimotoyi, ndipo akufuna mudzakhalepo. Okha sangakuuzeni, mukudziwa."

"Ine? Wa mpingo wa Dachi ine, kwa Aroma?"

"Simudzalowa m'tchalitchi. Mudzangokhala m'galimoto, malo anu omwewa."

Anasangalala ngati mwana. Anati adzagona kwa m'bale wawo ku Boma. Chifuwa cha a Daka chitamveka kumunsi kwa chitunda, anapinda saka lawo msanga, kulibwezera pansi, n'kuzimirira mu udzu ndi mwendo wotupawo.

"Mwatsekeranji katani?" anafunsa a Daka.

"Dzuwa."

"Nanga maso afiira bwanji?"

"Tikuchokera kumaliro, bambo a Rozi. Ndikulira munthu amene anamwalira ndi chifuwa."

"Azakhali anu sanafe ndi mimba?"

"Yendetsani galimoto."

5

Sabata imeneyo ndinali mkazi wabwino koposa onse mu Foti Jemusoni. Ndinachapa makava, ndinawasita mpaka mizere inaima ngati asilikali, ndinawavekanso ndekha n'kumanga zingwe zake.

"Nanga katani?" anafunsa a Daka Lamulungu m'mawa, ali mu suti yoyera.

"Sinaume."

Anadandaula pang'ono, koma galasi linawaitana.

Nyimbo yomaliza ya Misa itayamba ndinatuluka mwakachetechete. AnaMiti anali pansi pa mtengo wa mango, atavala nsalu yawo yatsopano. Ndinawalowetsa kumbuyo.

"Nanga nsalu ya pakati ija, mwana wanga?"

"Ikubwera. Khalani."

Ili ndilo bodza limene limandiwawa mpaka lero. Mayi amenewo sanandilakwire kanthu.

Mpingo unatuluka n'kuzungulira Dona. Bambo Mfumu anabwera ndi madzi odalitsa. Anali mzungu wokalamba wa ndevu zofika pachifuwa, wokhalitsa kuno mpaka Chinyanja chake chinali ndi mafupa. A Daka anaima kutsogolo kwa galimoto nayamba kulankhula. Ananena za thukuta. Ananena za munthu wowongoka amene Mulungu amamukweza. Anatchulako amuna ena amene chuma chawo chimathera m'nyumba ziwiri, ndipo pamenepo anayang'ana kumbuyo kwa gulu kumene kunaima anthu aja anawaneneza.

"Ndipo Abambo," anamaliza, "musadalitse kunja kokha. Taonani m'katimu mmene munthu wosamala amasungira zinthu zake."

Anatsegula chitseko chakumbuyo ndi dzanja lonse.

Maso awo ndi maso a anaMiti anakumana, pafupi ngati a anthu odyera mbale imodzi.

Ndakhala ndikuganiza kuti akanakhala ndi kamphindi koganiza, akanapulumuka. Akanati ndi mayi wa mfumu ina, kapena wodwala amene akumuthandiza. Koma thupi linakumbukira mwambo mutu usanakumbukire bodza. Chipewa chinagwa. A Daka anatembenuka, anadumphira mu ngalande ya m'mbali mwa msewu, anagwada m'matope ndi suti yoyera, msana kugalimoto, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Tikuoneni, apongozi!"

AnaMiti nawo anakuwa, "Mayo ine!" Anafuna katani, kunalibe. Anagwira chimene chinali pafupi, kava ya mpando wakutsogolo, n'kuikoka mpaka zingwe zinaduka, n'kudzifunditsa kumutu. Kanthekwe kawo ka fodya kanagubuduka n'kukhuthukira pachikopa cha ku Ulaya chija, chimene chinali chisanaonepo dzuwa la kuno.

Mayi wina kumbuyo anati, "Aa-aa." Bambo Mfumu anayang'ana munthu wa m'ngalande, anayang'ana mtolo wamizeremizere m'galimoto, kenako anakanda ndevu.

"A Daka," anatero mofatsa, "apongozi anu ndinawaika m'manda ine ndemwe. Awa adzuka liti?"

A Daka anapitiriza kuwomba m'manja, koma tsopano mopanda mawu.

"Musamukalipire mkamwini wanga!" anatero mawu ochokera pansi pa kava. "Wandiitana ndi mlongo wake!"

"Mlongo wake uti, mayi?"

Ndinakweza dzanja.

"Ndine, Abambo. Ndinenso malemu mkazi wawo. Ndinamwalira ndi chifuwa."

Amene anayamba kuseka anali amuna aja a kumbuyo. Anaseka mpaka ena anakhala pansi. Dona sanadalitsidwe tsiku limenelo, ngakhale madzi pang'ono anamudonthera, chifukwa dzanja la Bambo Mfumu linkanjenjemera ndipo sindikhulupirira kuti unali ukalamba.

6

Ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhomo pathu. Dolika anabwera ndi atsibweni ake, mwana ali kumsana. Ndinali nditakonzeka kumuda, koma anali kamtsikana kosasiyana kwenikweni ndi Rozi wanga, maso otupa ndi kulira. Nayenso anauzidwa za chifuwa. Ankandiyang'ana mwamantha, monga ayenera kuyang'anidwira munthu wakufa. Mphuno ya mwanayo inalidi yomweyo.

Amuna analankhula zambiri. Amene anamaliza nkhani anali anaMiti. Ananyamuka, anatsimphina kudutsa bwalo lonse, anakaima pamaso pa a Daka, nkhope poyera, n'kuwayang'anitsitsa kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Kani ndi nkhope yomweyi?" anatero. "Ndimathawira m'minga chifukwa cha iyi? Ndinkayesa pali chinachake."

Panalibenso wofunsa ngati ukwati wa ku Chiparamba ulipo. Munthu amene wakuyang'ana choncho salinso mpongozi wako.

Kutchalitchi a Daka anatsekeredwa masakramenti, nasamukira benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko. Anzawo a kumeneko anawasendera malo mwaulemu waukulu.

Mlongo wanga weniweni, amene anali nkhoswe yanga, ananditengera pambali. "Yosefina, ukafuna tiye kwathu. Munda ulipo."

Ndinayang'ana nyumba imene ndinaizira ndi manja anga, mitengo imene ndinabzala, khitchini yanga yodontha. Ndinati sindichoka. Wakufa sasamuka. Koma ndinanena zanga pamaso pa onse: mpando wakutsogolo ndi wanga, chipewa chizikhala pamutu pa mwini wake. Masaka abwerere ku mtedza. Dona azipitabe ku Chiparamba, ine ndili momwemo, kukasiya sopo, mchere ndi zovala za mwana, chifukwa mwanayo sananamize munthu. Ndipo anaMiti azitengedwabe ku Tamanda mpaka mwendo upole, popanda nsalu pakati.

Katani ndinampatsa Dolika. Ndi mbereko yolimba, mpendero wake sumasuka.

Ulendo woyamba wa ku Tamanda ndinatembenuka n'kupepesa kwa anaMiti.

"Munandivula pagulu, mwana wa Sakala," anatero. Anasisita kava ndi dzanja. "Koma saka lija linkandiyabwa."

Amayenda akuyang'ana khosi la a Daka njira yonse, n'kumanena maganizo awo pa kayendetsedwe kawo.

7

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene amuna anu ayamba kuona ndalama za fodya ndi mtedza, mwina tsiku lina nanunso mudzaitanidwa kukasankha malaya a mipando. Sankhani nsalu yokhuthala, yosaonetsa fumbi, yochapika. Veleveti musiyeni. Pa zimenezo ndilibe chodandaula, makava anga akadali olimba. Koma bambo akadzati telala awonjezere nsalu ina, musadzafulumire kuseka kunyada kwawo monga ndinachitira ine. Ndinazolowera kuona amuna anga ngati munthu wodzikuza mpaka ndinaiwala kuti wodzikuza amathanso kukhala ndi chifukwa. Dzafunseni kuti nsaluyo ikubisa ndani. Ndipo phazi la telala likaima pachopondera, dzakhaleni pansi mumufunse bwino.

Banga la fodya lija silinachoke pachikopa. A Daka anayesa sopo, anayesa mafuta a nyali, anayesa ndi pemphero. Lili pomwepo, pansi pa kava, ndipo tonse awiri timadziwa malo ake.

Nyumba yanga ndinaisunga, ndipo mpando ndinaupeza. Anzanga amati ndinapambana. Mwina. Kungoti palibe anandichenjeza kuti kutsogolo kumatentha chotere, injini ili pamapazi pomwepa, ndiponso kuti ukakhala pamenepo umaona nkhope ya woyendetsa ulendo wonse. Kumbuyo kuja, pasaka langa, katani ili yotseka, ndinkatha kuganiza kuti kutsogoloku kuli munthu wamkulu.